Phulusa la Madzi

Ntchito yanga ndi kuwiritsa madzi. Musaseke, pali anthu ovala mataye amene ntchito yawo ndi kukhala pamsonkhano n'kumadikira madzi omwewo. Pa ofesi yathu, kumapeto kwa khonde, kuseri kwa chipinda cha mafayilo, kuli kakhitchini kopanda zenera, ndipo m'menemo ndimo ndamerera imvi: ketulo yaikulu yamagetsi, ina yaing'ono ya abwana amene safuna kumwera ketulo imodzi ndi anthu, makapu osiyana mitundu, ndi ine. Dzina langa lenileni analiiwala kalekale. Onse amangoti Mayi Ketulo, ndipo ndimavomera.

Sukulu ndinaisiya ndili mtsikana, mimba ya mwana wanga woyamba itayamba kukankha yunifolomu. Mwanayo anakula, anakwatiwa, ndipo chaka chino ndinati basi, satifiketi imene ndinaigwetsa panjira ndikaitole ndisanayambe kuyendera ndodo. Ndinalembetsa kalasi ya akuluakulu, ya Loweruka masana, pasukulu ya kuseri kwa msika. Mayeso ake ndi omwewo amene amalemba ana, amachongedwa ndi anthu osatidziwa, ndipo anali atayandikira. Ndinkafuna kukhoza ndi mutu wangawu. Ndinkazifuna moti ndikaziganiza mtima unkagunda ngati ndakwera chitunda.

Tsiku loyamba, amene analowa ndi choko m'manja kudzatiphunzitsa sayansi anali mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga yemweyo. Atandiona pa desiki lakutsogolo, choko chinamupulumuka. Anachitola, anapereka moni kwa kalasi yonse, kenaka anaperekanso wina kwa ine ndekha, mawondo atapinda pang'ono. Kalasi inafa nalo phwete, ine ndinangokonza duku langa.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka wanzeru wa m'kalasi. Ndikaimika dzanja, iye ankati, "Zikomo amayi, mfundo imeneyo ndi yabwino," kapena, "Eya, tingathenso kuziona choncho." Akatero ankatembenukira ku bolodi n'kulemba zake. Nthawi zina zolembazo sizinkafanana kwenikweni ndi zomwe ndanena, koma ndinkati akungoziveka suti ya Chingerezi. Ndinkatuluka m'kalasi mapewa ali m'mwamba.

Ndiye linafika Loweruka la nkhani ya kusintha kwa zinthu. Anati kusintha kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina amati fizikolo: chinthu chasintha maonekedwe okha, koma chikadali chomwecho, ndipo ungathe kuchibweza mmene chinalili. Kwina amati kemikolo: pabadwa chinthu chatsopano, monga pepala likapsa, sungalibwezenso. Kenaka anafunsa, "Nanga madzi akawira n'kusanduka nthunzi, kumeneko ndi kusintha kotani?"

Ndinaimirira asanamalize n'komwe. Funso limeneli linali langa, linandipeza pakhomo panga.

"Aphunzitsi, apa musavutike," ndinatero. "Nkhuni zikapsa, utsi umakwera, phulusa limatsala. Madzi akawira, nthunzi imakwera, ndipo pansi pa ketulo pamatsala zoyera zokakamira zija. Ndakhala ndikuzipala ndi supuni zaka zonsezi. Limenelo ndi phulusa la madzi. Ndiye kuti madzi amapsa, kungoti amapsa mwaulemu, osada. Kemikolo."

Ena kumbuyo anaomba m'manja. Mkamwini wanga anayang'ana pazenera, anayang'ana choko, kenaka anati, "Amayi aganiza mozama." Belu linalira, ndipo ndinaona ngati wapuma.

Kumbuyo kwanga kumakhala wometa wa pamsika, amene tonse timamutcha Lezala chifukwa pakamwa pake m'pakuthwa kuposa zida zake. Mnyamata wamkulu ndithu, wa ana ake awiri, ndipo buku la sayansi amaliwerenga akamadikira mitu. Anandipeza pageti.

"Mayi, bukutu likuti fizikolo."

"Bukulo linawiritsapo madzi?"

"Likuti nthunzi ndi madzi omwewo. Ikazizira imabwerera."

"Aphunzitsi anavomera zanga, iwe unalipo."

"Anati mwaganiza mozama. Ngakhale wogwera m'chitsime amafika pozama." Anaseka yekha. "Nanga pachivundikiro cha poto pamadontha chiyani?"

"Amenewo ndi madzi odumpha. Akamabwata amathovokera m'mwamba n'kumata pachivundikiro. Ndipo akuluakulu anati madzi akatayika saoleka."

"Anati akatayika, mayi, sanati akawira."

Magazi ananditentha. Ndinamuuza kuti abwere kwanga mawa lake masana, ndipo abweretse chinthu chotengera nthunzi kutali, kumene madzi odumpha sangafike. Nthunziyo ikakafika kumeneko n'kusanduka madzi, ndidzavomera. Ikakanika, iye adzaimirire m'kalasi n'kunena kuti buku lake likhale loyatsira moto. Tinagwirana chanza pakati pa msewu, njinga zikutiimbira mabelu.

Lamulungu masana mwana wanga amakonda kubwera kudzandiona, ndipo tsiku limenelo anabwera yekha, mwamuna wake atatsala kunyumba. Anatipeza ine ndi Lezala tikulimbana ndi paipi yachitsulo yopachikira makatani, yaitali ngati chitseko, imene anaizula mu shopu yake.

"Amayi, mukumanga chiyani m'khitchini muno?"

"Khoti," ndinatero. "Vula nsapatozo, pansi panyowa posachedwa."

Ketulo yanga yakale yachitsulo tinaiika pa sitovu. Mbali imodzi ya paipi tinailowetsa kukamwa kwa ketulo, n'kukulunga ndi nsanza, n'kumanga ndi waya wa hang'ala. Mbali inayo inatsetsereka kudutsa pamsana pa mpando mpaka pa kasitulu pafupi ndi chitseko, pamene tinaika tambula yagalasi. Pakati pa paipi tinakulunga matawulo onyowa, ndipo mwana wanga tinamupatsa ntchito yothira madzi a mufiriji pamatawulopo, beseni lili pansi. Lezala anafuna kutsendereza chivundikiro ndi njerwa kuti nthunzi isathawe. Ndinamulanda njerwayo. Ketulo siitsekedwa pakamwa ponse, ndinamuuza, pokhapokha ngati akufuna kukameta anthu alibe nsidze.

Ndinayatsa moto. Ketulo inayamba kung'ung'udza, kenaka kuimba, kenaka kubwata. Paipi inatentha, matawulo anayamba kufuka. Tonse atatu tinawerama pa tambula ija, mitu itagundana.

Dontho loyamba linalendewera kumapeto kwa paipi, linanenepa, linagwa. Linali lofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Lachiwiri linali lakuda.

"Mwaona!" ndinakuwa. "Amenewo ndi madzi? Wina amwe tione."

Ndinavina pomwepo, supuni ili m'manja, kuzungulira beseni. Ndinamuuza Lezala kuti ayambe kuyeserera mawu okanena m'kalasi. Iye anangokanda mutu, nkhope itagwa. Koma mwana wanga, amene anatengera agogo ake kusakonda chisangalalo cha anthu, anazimitsa moto, anadikira paipi izizire, anaimasula n'kusuzumiramo ataloza kuwala.

"Achimwene, paipi imeneyi munaitsukapo chiigulireni?"

M'menemo munali dzimbiri, ukonde wa kangaude, tsitsi la anthu a pamsika wonse, ndi mphemvu imene inafa chaka chatha. Ndinati zimenezo ndi zifukwa za oluza, koma ndinalola. Tinamangirira kansalu ku chingwe, tinakapaka sopo, n'kumakakoka uku ndi uku mpaka madzi otsukira anatuluka oyera. Tinamanganso zonse, tinatsuka tambula, ndinayatsanso moto.

Ulendo uno tinadikira nthawi. Lezala anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ine ndinamuuza kuti nkhono yake ilibe maso. Ndisanatseke pakamwa, dontho linagwa, loyera mbee. Linatsatira lina, ndi lina, mpaka zinayamba kumveka ngati denga lodontha. Pansi pa tambula panadzaza.

Ndinanunkhiza, osamva kanthu. Ndinaviika chala n'kulawa. Anali ofunda, osakoma mkamwa ngati opanda moyo, koma lilime langa lagwira ntchito imeneyi nthawi yaitali moti silinganamizidwe. Anali madzi.

"Mwina ndi odumpha," ndinatero, koma mawu anatuluka opanda mafupa. Madzi ake ati odumpha kuchokera pa sitovu mpaka pachitseko?

Apa m'pamene china chinandigwira. Ndinaiwala zoti ndikuluza. Ndinatsegula kabati, ndinatapa mchere wodzaza dzanja n'kuuthira mu ketulo. Ngati nthunzi ndi madzi, ndione ngati inganyamule katundu. Tinasintha tambula, tinadikiranso. Ndinatapa a mu ketulo ndi supuni, ndinauzira, ndinalawa: mchere wokhawokha, wokwinyitsa nkhope. Ndinalawa a mu tambula. Munalibe mchere ngakhale wa umboni.

"Lawa," ndinauza mwana wanga. "Lawa iwe, Lezala. Mcherewo madzi ausiya. Achoka okha n'kusiya katundu yense m'mbuyo."

Ndinathamangira panja ndi tambula, ndinapeza aneba akuyanika zovala, ndinawamwetsa. Anati, "Ndi madzi, nanga n'chiyani?" Ndinati eya, ndi madzi, nkhani yake ndi imeneyo, ndipo anandiyang'ana ngati ndayamba kudwala mutu. Ndinabwerera m'nyumba ndikuseka ndekha.

Sindinalekere pomwepo. Ndinatenga masupuni awiri. Ina ndinathiramo madzi a pampopi, ina a mu tambula, n'kuziika pamoto mpaka zonse zinauma. Ya a pampopi inatsala ndi kachizindikiro koyera, kaphulusa kanga kaja. Ya a mu tambula inatsala yonyezimira ngati sinagwire ntchito. Ndiye kuti zoyera zija sizinali madzi opsa. Zinali zinthu zimene zimabwera zitasungunuka m'madzimo, ngati mchere uja, ndipo madzi akanyamuka zimatsala zilibe thiransipoti. Zaka zonsezi ndinkazipala tsiku ndi tsiku, ndikuzinenera zabodza.

Lezala anati tiyese shuga. Tinaika shuga wouma pasupuni, pamoto. Anasungunuka, anafiira, anada, anatulutsa utsi wowawa m'maso. Tinaika mbale yozizira pamwamba pa utsiwo, kudikira kuti shuga abwerere. Sanabwerere. Pasupuni panatsala chikhakha chakuda chowawa, chimene ngakhale nyerere ikanachikana.

"Ameneyo ndiye kemikolo," ndinatero. "Wapita ameneyo, sitidzamuonanso. Koma madzi angosintha malaya."

Ndinakhala pampando, thukuta lili kamukamu, pansi ponse pali nyanja ya matawulo. Ndinali wokondwa kuposa tsiku limene ndinalandira malipiro anga oyamba. Zinthu ndinaziona ndi maso anga, m'khitchini mwanga, ndi paipi ya makatani. Kenaka chimwemwe chija chinayamba kuzizira, chifukwa ndinakumbukira nkhope ya mkamwini wanga akuyang'ana pazenera.

"Iwe," ndinatero kwa mwana wanga, "mwamuna wako zimenezi akuzidziwa?"

Anapitiriza kufinya tawulo mu beseni, osadzutsa mutu. Lezala anati wakumbukira kuti wasiya shopu yosakhoma, anatola nsapato zake n'kutuluka, paipi n'kuiiwala.

"Ndikufunsa iwe."

"Akudziwa, amayi. Ndi mphunzitsi."

"Tsono bwanji sanandiuze kuti ndalakwa?"

"Angakuuzeni bwanji pagulu? Ndinu apongozi ake." Anafinyanso tawulo louma kale. "Komanso ndinamupempha ndine. Tsiku lomwe munayamba lija anabwera kunyumba atasokonezeka, ndipo ndinamuuza kuti asadzayerekeze kukuchititsani manyazi. Sukulu munaisiya chifukwa cha ine. Sindinafune kuti muisiyenso chifukwa cha mwamuna wanga."

Ndinafuna kumukalipira, koma ndinaleka. Mwana ameneyu sindinamuuzepo kuti anandilanda kanthu, ndipo sanandilande. Koma anakula akudziwerengera mlandu umene palibe anamuimba. Ndinamumvera chisoni, ndipo ndinamukwiyiranso, zonse nthawi imodzi.

"Mwana wanga, amene adzachonge mayeso aja si akamwini anga," ndinatero. "Sadzapinda mawondo. Mwandikonda, inde, koma mwandikonda ngati mmene amakondera mbuzi yoti aiphe pa ukwati. Ndi zingati zina zimene ndaganiza mozama?"

Ananyamula beseni n'kukataya madzi panja.

Sabata imeneyo ku ofesi ndinkangoyang'ana ketulo ngati mlendo. Ndikaika thireyi pamwamba pa nthunzi, madontho ankasonkhana, ine n'kumawapatsa moni. Koma ndikayamba kukumbukira mayankho onse amene ndinapereka m'kalasi muja, a magetsi, a maginito, a mmene zomera zimapumira, sindinkadziwa kuti mwa zonse zimene zili m'mutu mwanga, zoona ndi ziti.

Loweruka ndinalowa m'kalasi nditanyamula paipi paphewa ndi kabotolo ka madzi aja m'chikwama. Anthu anayamba kuseka ndisanakhale n'komwe. Mkamwini wanga analowa, anapereka moni wake wawiri uja, ndipo anati lero tiyamba mutu watsopano. Ndinaimika dzanja.

"Aphunzitsi, wakale sunathe. Munafunsa za madzi owira, ine ndinati kemikolo. Ndinakhoza kapena ndinalakwa?"

Anayang'ana paipi, anayang'ana Lezala, amene anali atabisa nkhope m'buku. Mkazi wake ayenera kuti anali atamuuza kale zonse, chifukwa thukuta linayamba kumutuluka pamphuno.

"Amayi, kunena zoona, pa zoyera za mu ketulo zija muli ndi mfundo. Mwa zinthu zosungunuka m'madzi, zina zikatenthedwa zimasinthadi n'kukhala ngati mwala, ndiye mbali imeneyo..."

"Zimenezo mudzatiphunzitsa, ndipo ndikuzifuna. Koma funso linali la madzi." Ndinatulutsa kabotolo n'kukaika pa tebulo lake. "Awa anali nthunzi Lamulungu. Ndinawagwira ndekha. Yankho ndikulidziwa, bambo, chimene ndikufuna n'choti lichokere pakamwa panu. Kunyumba ndinu mkamwini wanga, ndipo ulemu wanu ndimaulandira ndi manja awiri. Muno ndinu aphunzitsi. Wakutsina khutu ndi mnansi. Anzangawa mumawatsina, ine mumandisisita. Kodi ine sindinalembetse nawo?"

Kunja wina ankakhoma misomali, ndipo zinkamveka ngati akukhomera m'chipinda momwemo. Mkamwini wanga anaika choko pansi, anachitolanso. Ndinamumvera chisoni mwana wa eni, koma sindinakhale pansi.

"Amayi," anatero potsiriza, mawu ali pansipansi, "munalakwa."

"Akumbuyo sanamve."

"Munalakwa. Ndi fizikolo. Nthunzi ndi madzi omwewo."

"Zikomo. Zilipo zina?"

"Zilipo, amayi."

"Zambiri?"

"Zambiri ndithu."

Ndinkayembekezera, komabe zinandilasa. Miyezi yonse ija ya mapewa m'mwamba inagwa nthawi imodzi, anthu akuona. Ndinakhala pansi, ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa cholembera.

"Ndiye tisataye nthawi. Mayeso sakudikira."

Mutu watsopano anausiya. Anati tibwereze zakale, kalasi yonse, kuyambira pa magetsi, ndipo palibe anadandaula, chifukwa zinaoneka kuti ena akhala akulemba mayankho anga poganiza kuti ndi ovomerezeka. Poyamba ankafunsa akundizemba ndi maso. Koma phunziro litatentha anaiwala, anavula jekete, choko chinayamba kuuluka pa bolodi, ndipo ndinaona koyamba chimene ana a sukulu amamukondera. Mwamunayo amadziwa kuphunzitsa.

Anafunsa chifukwa chake waya wamagetsi amakutidwa ndi pulasitiki. Ndinaimika dzanja, ndinati n'cholinga choti magetsi asazizire panjira.

"Ayi, mwalakwa," anatero, osatembenuka n'komwe, osapinda bondo, osanditchula amayi. "Wina? Inu akumbuyo."

Zinawawa ngati mbama. Misozi inadzaza m'maso, ndipo mayi wa pambali panga anandigwira mkono poganiza kuti ndinyamuka n'kutuluka. Sanadziwe kuti chichokereni pa desiki ndili mtsikana, aka kanali koyamba munthu kunditenga ngati mwana wa sukulu. Ndinapukuta m'maso ndi nsonga ya duku, ndinamvetsera yankho la wakumbuyo uja, ndinalilemba. Atafunsa funso lotsatira, ndinaimikanso dzanja.